Polojekiti ya sayansi ikakanika chionetsero chili pafupi

Kukatsala sabata ziwiri kapena zitatu kuti chionetsero cha sayansi chichitike, madandaulo a ana a Sitandade 7, Sitandade 8 ndi Fomu 1 amakhala omwewo chaka ndi chaka. Babu sakuyaka. Nyemba sizinamere. Madzi akutuluka m'sefa ali akuda kuposa mmene analowera. Zikatere mphunzitsi woyang'anira kalabu ya sayansi, kapena kholo kunyumba, amagwidwa chifundo n'kulanda ntchito yonse m'manja mwa mwana, apo ayi amamuuza kuti azisiye ayambe zina. Njira ziwirizi zimamubera mwanayo gawo lenileni la phunziro. Mapolojekiti amene ana a msinkhu uwu amakonda ndi owerengeka, ndipo malo amene amakanikira ndi odziwika. Mwana akathandizidwa kupeza yekha pamene pavuta, amakaima pamaso pa oweruza akudziwa chimene akunena, ngakhale chipangizo chake chikhale cha makatoni ndi mawaya otola.

Aphunzitsi anzanga ndi makolo, musanagwire kalikonse mufunseni mwanayo kope lake. Ngati alibe, vuto loyamba ndi limenelo. Agule kope la masamba ochepa, alembe tsiku, chimene wachita ndi chimene waona. Ndiye pofufuza vuto azisintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, n'kulemba chimene chachitika asanasinthe china.

Batire ya mandimu kapena mbatatesi siikuyatsa babu

Kawirikawiri batire imakhala ilibe vuto, cholakwika ndi babu. Ndimu limodzi lobayidwa msomali wa zinki ndi waya wa kopa limatulutsa mphamvu yosakwana volti imodzi, pafupifupi 0.9, ndipo magetsi amene amayenda ndi ochepa kwambiri, nthawi zambiri osafika pa miliampu imodzi. Babu wa tochi wachikale, uja wa kawaya kopyapyala m'kati, amafuna mamiliampu 200 kapena 300. Ngakhale mwana adule mandimu dengu lonse, babu ameneyo sangayake. Chofunika ndi kababu kakang'ono ka miyendo iwiri kotchedwa LED, kofiira, kamene kamayamba kuwala pa mavolti pafupifupi 1.8. Koyera ndi kabuluu kamafuna mavolti pafupifupi 3, choncho musayambire kumeneko. Mandimu atatu kapena anayi amakwanira kababu kofiira, bola alumikizidwe motsatizana: kopa wa ndimu loyamba apite ku zinki wa lachiwiri, kopa wa lachiwiri ku zinki wa lachitatu. Ana ambiri amamanga kopa yense pamodzi ndi zinki yense pamodzi, ndipo akatero mavolti sakwera.

Ngati zalumikizidwa bwino koma sizikuyakabe, mwana atembenuze kababuko. LED imalola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha: mwendo wake wautali upite ku kopa, waufupi ku zinki. Aphimbe ndi chikhato kapena alowetse m'katoni, chifukwa kuwala kwake n'kochepa ndipo masana sikuoneka.

Kenako ayang'ane zitsulo. Msomali wamba wa kalipentala ndi chitsulo chabe, suthandiza kwenikweni. Wofunika ndi wokutidwa zinki, monga misomali yotuwa yokhomera malata. Waya wochotsedwa m'mota yakale amaoneka ngati kopa wosavala kanthu, koma amakhala wopakidwa vanishi woletsa magetsi, ndiye ayenera kupalidwa ndi sandipepa kapena lezala mpaka awale, mbali yolowa m'ndimu ndi mbali yolumikizira yomwe. Zitsulo ziwirizo ziyandikane m'kati mwa chipatso koma zisakhudzane. Ndimu alifinye polikunkhuniza patebulo asanalibaye kuti madzi ake amasuke. Ngati akugwiritsa ntchito mbatatesi, ayambe waiwiritsa. Akatswiri a ku Hebrew University ku Jerusalem anaonetsa mu 2010 kuti mbatatesi yowiritsa kwa mphindi 8 imatulutsa mphamvu yochuluka pafupifupi kakhumi kuposa yaiwisi, chifukwa kuwiritsa kumaswa tizipupa ta m'kati timene timatchinga magetsi. Pamenepo mwana wapeza kale funso labwino loti afufuze yekha: yaiwisi ndi yowiritsa, kusiyana kwake n'kotani?

Oweruza amakonda kufunsa kuti magetsiwo akuchokera kuti, ndipo ana ambiri amayankha kuti ali m'ndimu. Ayi. Mphamvu ikuchokera ku zinki amene akudyeka pang'onopang'ono. Madzi a ndimu ndi njira chabe. Alessandro Volta atapanga batire yoyamba mu 1800 sanagwiritse ntchito chipatso chilichonse. Anasanjikiza timbale ta zitsulo ziwiri zosiyana, pakati pake n'kuikapo zinthu zonyowetsedwa ndi madzi a mchere. Mwana atha kuyesa zomwezo ndi makapu a madzi a mchere kapena viniga. Sukulu imene ili ndi mita yoyezera magetsi imubwereke, chifukwa manambala a pa mita amaoneka ngakhale pamene babu wakana. Koma mwana aliyense auzidwe momveka kuti magetsi a pakhoma, a mavolti 230, sayesera polojekiti, ndipo batire ya galimoto kapena ya foni satsegula.

Mbewu sizinamere, kapena zonse zikukula mofanana

Polojekiti yoyerekeza manyowa ndi feteleza ndi yomwe ndimaikonda kuposa zonse, chifukwa funso lake ndi lomwe makolo a anawo amalimbana nalo dzinja lililonse. Komanso ndi yomwe imaonongeka kwambiri.

Mbewu zikapanda kumera, yambani n'kukayikira mbewuzo. Nyemba kapena chimanga chotapa m'thumba la kunyumba chimatha kukhala chobooledwa ndi anankafumbwe kapena chokhalitsa. Mwana atenge njere 20, azikulunge m'kansalu konyowa, aike pamalo ofunda n'kumanyowetsa tsiku lililonse. Pakatha sabata awerenge zimene zatulutsa muzu. Zikachepera 16, apeze mbewu ina. Ntchito imeneyi iyenera kuchitika asanadzale, koma ngakhale mochedwa imamuuza ngati vuto lili m'mbewu kapena m'dothi.

Ngati mbewu zili bwino, fukulani imodzi m'chitini. Ikapezeka yofewa ndi yonunkha, yaola ndi madzi. Zitini ndi mabotolo odula pakati amafunika mabowo pansi, ndipo ana pokonda mbewu zawo amathirira m'mawa, masana ndi madzulo. Ikapezeka youma ngati mmene inalowera, madzi sakufika kapena yakwiriridwa mozama. Masentimita 3 mpaka 5 ndi okwanira. Ikapezeka kuti inayamba kumera kenako muzu n'kuda n'kufota, yapsa ndi feteleza. Yureya ali ndi nayitirojeni wokwana 46 peresenti, ndipo supuni yodzaza m'kachitini ka dothi ndi poizoni ku mbewu yanthete. Zitosi za nkhuku zosaola zimaotcha chimodzimodzi. Feteleza akhale wotsina ndi zala, aikidwe patali pang'ono ndi mbewu, makamaka mbewuyo itamera kale. Amene akufuna kuyesa manyowa a Mbeya, aja osakaniza ndowe, madeya, phulusa ndi feteleza pang'ono, akumbukire kuti amafunika masiku 21 ali m'thumba lomanga kuti apse, ndiye masiku amenewo awerengeredwe pa nthawi ya polojekiti.

Dandaulo lina ndi lakuti mbewu zonse zamera bwino koma palibe kusiyana pakati pa za manyowa, za feteleza ndi za dothi lokha. Funsani kuti zakhala masiku angati. Pa sabata ziwiri zoyambirira mbewu imadya chakudya chimene inabwera nacho m'njere, ndiye za m'dothi sizimaonekera msanga. Pamafunika sabata zinayi kapena kuposerapo. Funsaninso kuti wadzala chiyani. Nyemba zimakhala ndi timatuza ku mizu mmene mumakhala tizilombo totenga nayitirojeni mu mpweya, choncho sizionetsa njala ya nayitirojeni momveka ngati chimanga. Wofuna kuona mphamvu ya yureya adzale chimanga. Ndipo ngati dothi analitapa kuseri kwa khola la mbuzi, ndi lachonde kale, feteleza sangasinthe zambiri.

Ngati chionetsero chili pafupi moti kudzalanso sikungatheke, musataye zitinizo. Funso lisinthidwe kuti ligwirizane ndi nthawi yotsala: kodi kuviika njere m'madzi usiku umodzi kumafulumizitsa kumera? Kodi madzi a mchere wochuluka bwanji amaletsa nyemba kumera? Mafunso amenewa amayankhidwa pa sabata imodzi, ndipo zitini zoyamba zija zimakhala umboni wa chimene mwana anaphunzira.

Manambala alipo koma sakunena kanthu

Apa ndi pamene mapolojekiti okongola amagwera. Mwana ali ndi zitini ziwiri: china cha manyowa, chachikulu, chili pawindo, china cha feteleza, chaching'ono, chili kuseri kwa chitseko. Cha manyowa chakula kwambiri. Chakulitsa n'chiyani, manyowa, dzuwa kapena kukula kwa chitini? Zili ngati mayi amene wasintha ufa, poto ndi nkhuni tsiku limodzi: nsima ikapsa bwino sangadziwe kuti chathandiza n'chiti. Zitini zikhale zofanana, dothi lotapa malo amodzi n'kusakanizidwa bwino lisanagawidwe, madzi oyezedwa ndi kapu imodzi, malo amodzi. Chosiyana chikhale chimodzi chokha, chimene akufufuzacho. Pakhalenso gulu losathiridwa kalikonse, chifukwa popanda limenelo palibe poyerekezera.

Chitini chimodzi pa gulu sichikwanira. Mbewu, ngakhale zochokera pa chitsononkho chimodzi, sizikula mofanana. Pafunika zisanu pa gulu lililonse, zikachepetsetsa zitatu. Tiyerekeze kuti mbewu zisanu za manyowa zatalika masentimita 18, 21, 19, 7 ndi 20. Avareji yake ndi 17. Mwana amaona 7 uja ngati wamuonongera ntchito, n'kufuna kumufufuta kuti avareji ikhale 19.5. Musamulole kufufuta mwakachetechete. Apite akaione mbewuyo. Mwina yadyedwa ndi mbozi, mwina bowo la chitini linatsekeka. Alembe chimene wapeza, aonetse manambala onse asanu, afotokoze chifukwa chake imodzi yatsalira. Woweruza wodziwa ntchito yake amasangalala ndi mwana wotere kuposa amene manambala ake onse ndi osalala. Tangoganizaninso ngati akanadzala chitini chimodzi chokha, n'kukhala cha 7 chija: akanalengeza kuti manyowa sathandiza.

Kayezedwe nakonso kamasokoneza. Lero wayeza kuchokera pa dothi, mawa kuchokera pa mlomo wa chitini. Lero woyeza ndi mnzake, mawa ndi iye. Agwirizane poyambira ndi pothera, alembe m'kope, ndipo aziyeza nthawi yofanana tsiku lililonse. Mawu akuti "yakula bwino" kapena "madzi ayera" asanduke nambala: masentimita, chiwerengero cha masamba, mphindi. Sukulu yopanda labotale isadandaule. Lula, wotchi ya pa foni, jekeseni watsopano wopanda singano woyezera mamililita, ndi sikelo yobwereka kwa wogulitsa mugolosale zimagwira ntchito yambiri.

Nanga zotsatira zikatsutsa chimene mwana ankayembekezera? Ankaganiza kuti feteleza apambana, koma manyowa ndi amene apambana, kapena palibe kusiyana. Ana ambiri amaona ngati alakwa mayeso, ndipo pena akuluakulu ndi amene amawanong'oneza kuti akonze manambala. Zimenezi zimandipweteka kuposa polojekiti yokanika, chifukwa mwana wa zaka 13 amaphunzira kuti sayansi ndi kunena chimene aphunzitsi akufuna kumva. Chimene anaganiza poyamba chinali chongoyerekeza choti achiyese. Ngati wayesa moyenera n'kupeza zina, alembe zomwezo, n'kuonjezera chimene akuganiza kuti chachititsa ndi mmene angachiyesere ulendo wina.

Sefa ya madzi ikutulutsa madzi akuda

Mchenga ndi makala sizinatsukidwe. Mchenga utsukidwe m'ndowa mobwerezabwereza mpaka madzi otsukira ayere, makala osinja asefedwe kuchotsa fumbi n'kutsukidwanso. Pakamwa pa botolo lozondotsa pamangidwe kansalu, kenako timiyala, makala, ndi mchenga wosalala wokhuthala bwino, masentimita 10 kapena kuposa. Madzi oyamba kudutsa atayidwe. Ngati madzi akungodutsa ngati mulibe kanthu, mchenga ndi wokhakhala kwambiri kapena wachepa, apo ayi madzi akuboola njira m'mbali mwa botolo chifukwa chothiridwa mwamphamvu. Aziwathira pang'onopang'ono pa kambale kobooka. Ngati sakudutsa n'komwe, mumchenga muli dongo.

Poyeza kuyera kwa madzi, ajambule mtanda wakuda pa pepala, aike botolo loonekera pamwamba pake, azithira madzi mpaka mtandawo usiye kuoneka poyang'ana kuchokera pamwamba, n'kuyeza kuya kwa madziwo ndi lula. Madzi oyera kwambiri amafika patali mtanda ukuonekabe. Njira yomweyi imathandiza amene akuyesa ufa wa njere za chamwamba, umene umasonkhanitsa matope kuti akhale pansi.

Chimene sindilola n'chakuti mwana alembe pa chikwangwani kuti madzi ake ndi abwino kumwa, kapena amwe pamaso pa anthu pofuna kutsimikiza. Sefa ya m'botolo imachotsa matope, siipha tizilombo. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'Malawi muno, ndipo madzi okhala ndi tizilombo ta kolera amatha kuoneka oyera mbee. Mwana anene poyera kuti madzi osefa ayenera kuwiritsidwa kapena kuthiridwa kolorini. Kudziwa malire a chipangizo chake kumamuonjezera mamalikisi.

Makina a mphepo, chitofu cha dzuwa ndi makala a zinyalala

Ana ambiri amafuna kutsanzira William Kamkwamba, amene mu 2002, ali ndi zaka 14, anamanga makina opanga magetsi ndi mphepo kwawo ku Wimbe m'boma la Kasungu. Akamangirira mapiko pa kamota ka wailesi yakale, mapiko amazungulira koma magetsi osatuluka. Timamota timeneti timafuna liwiro lalikulu kwambiri. Kamkwamba anagwiritsa ntchito njinga, ndipo dayinamo imene inkakhudza tayala inkazungulira kambirimbiri pa kuzungulira kumodzi kwa mapiko. Mwana achite chimodzimodzi pang'ono: gudumu lalikulu ku mapiko, laling'ono ku mota, lamba wa mphira pakati. Mapiko akhale opendekeka, onse mbali imodzi, olemera mofanana. Ndipo akumbukire kuti m'holo mulibe mphepo.

Chitofu cha dzuwa chikakana kutentha, onani ngati poto ndi wakuda, ngati wavindikiridwa, ndi ngati waikidwa m'pulasitiki yoonekera kapena pansi pa galasi kuti mphepo isabe kutentha. Chizitembenuzidwa kutsata dzuwa, ndipo chiyesedwe pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana. Mu Juni ndi Julaye, chiperoni chikagwa ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje, dzuwa limatha kusowa masiku angapo, choncho tsiku lililonse lowala ligwiritsidwe ntchito poyeza ndi kujambula zithunzi.

Makala oumba kuchokera ku fumbi la makala, utuchi kapena zitsononkho zootcha akamanyenyeka, chomatira chachepa. Phala la ufa wa chinangwa limagwira bwino. Akamafuka utsi osayaka, sanaume m'kati. Aswe limodzi aone. Poyerekeza ndi makala wamba, mbaula ikhale imodzi, poto mmodzi, lita imodzi ya madzi, makala olemera mofanana, n'kuwerenga mphindi mpaka madzi awire. Zonsezi zichitikire panja, chifukwa mpweya wa makala m'chipinda chotseka umapha osanunkha.

Chipangizo chikugwira ntchito koma mwana sakutha kuyankha mafunso

Nthawi zambiri apa ndiye kuti manja a munthu wamkulu analowerera kwambiri. Amalume odziwa zowotcherera anamanga, achemwali a ku koleji analemba mawu a pa chikwangwani, mwana n'kuloweza. Woweruza akangofunsa kuti "ukanachotsa ichi chikanachitika n'chiyani?", mwana amangoti kukamwa yasa. Makolo, thandizo lanu n'lofunika pa mpeni, pa moto ndi pa ndalama ya zipangizo, ndipo mwana alembe m'kope kuti apa anandithandiza ndi akutiakuti. Kupitirira apo, ntchito yanu ndi kufunsa mafunso.

Ngati zachitika kale, masiku otsalawo mwana aphwasule chipangizocho n'kuchimanganso yekha, achotse mbali imodzi aone chimene chisinthe, alembe. Kenako akafotokozere agogo ake kapena mng'ono wake wa Sitandade 4 m'Chichewa, osayang'ana pa pepala. Pamene akakamire mawu ndi pamene sanamvetse, ndipo mubwerere naye pamenepo. Chingerezi cha pa chionetsero chimabwera mosavuta nkhani ikamveka kaye m'mutu. Mafunso oti ayeserere ndi ochepa: unkafuna kudziwa chiyani, unasintha chiyani, n'chiyani chimene unasunga chofanana, unayesa kangati, chinakuvuta n'chiyani.

Pa tsiku la chionetsero anyamule mandimu atsopano osabaya, misomali ndi mawaya opala kale, tibabu tiwiri tapadera, selotepi ndi sandipepa, chifukwa batire imene yagona usiku zitsulo zili m'kati imafika itafooka. Mbewu zinyamulidwe m'katoni yokhala ndi mapepala pakati pa zitini, chitini chilichonse chili ndi nambala yake yolembedwa pathupi, osati pa kapepala kongosomeka m'dothi kamene kangagwe pa njinga kapena m'minibasi. Sefa ifike yonyowa kale, pamodzi ndi botolo la madzi akuda omwe ankayesera kunyumba. Kope likhale patebulo lotsegula, ndi masamba onse a masiku amene zinthu zinakanika, kuti chipangizo chikakana pamaso pa oweruza mwana awaonetse manambala ndi zithunzi, n'kuwauza malo atatu amene akuganiza kuti vuto lingakhale.